Kalata ya agogo kuchokera ku Saskatchewan, m'dziko la Canada

Chisomo mdzukulu wanga,

Lero wakwanitsa zaka 7, ine ndili kutali chonchi! Dzino lija linkagwedera lija linagwa? Amayi ako akuti masiku ano ukumakana ndiwo zamasamba. Ayi Chisomo, usamatero.

Ndikuuze za kanyama kamene ndinaona Lamlungu. Azakhali ako ananditengera kutchalitchi china chaching'ono chimene chili pakati pa minda ya tirigu. Kuno dziko ndi lathyathyathya, phiri ndi limodzi lomwe kulibe, munthu umamuona akadali kutali zedi. Titangotsika galimoto ndinamva kakhweru, tswii! Ndinayang'ana kumwamba, mbalame kulibe. Kuyang'ana pansi, kanyama kofanana ndi gologolo kali chilili pa miyendo iwiri pakhomo pa una wake, timanja tili pachifuwa, maso ali pa ine. Kamchira kakungogwedera. Ndangosuntha phazi, iko lowu! Posakhalitsa kamphuno kanasuzumiranso, kenako timaso, kenako kathupi konse. Kuno amakatchula gopher. Kamagona pansi pa nthaka nyengo yonse yozizira, chipale chofewa chitakwirira una wake, n'kudzadzuka cha mu Marichi kapena Epulo. Nanga amakadzutsa ndani? Ine ndikuti ndi Mulungu yemweyo amene amakudzutsa iwe m'mawa.

Ndikudziwa ufunsa ngati amakadya monga timachitira ndi mbewa. Sadya! Alimi amangodandaula kuti kamawononga mbewu.

Tchalitchicho anamanga ndi anthu ochokera ku Ukraine, amene oyamba awo anafika ku Canada mu 1891. Kumadera opanda mitengo, alimi oyamba ankadula dothi pamodzi ndi udzu wake n'kusanjikiza, nyumba n'kutha. Mayi wina wokalamba amene ndinakhala naye pa benchi anandiuza kuti m'ma 1930 mvula inakana kwa zaka zambiri. Mphepo inkaulutsa fumbi mpaka kunja kuda masanasana, ndipo makolo ake ankapachika nsalu zonyowa m'mawindo kuti ana apume bwino. Koma Lamlungu likafika ankabwerabe kudzapemphera. Ndinamugwira dzanja, pajatu nanenso njala ya 2002 ndinaiona ndi maso angawa.

Kumeneko mvula yasiya? Chimanga chayamba kuuma? Nanga nkhuku yako ya mawangamawanga ija inaswa anapiye angati? Kumtsinje usamapite wekha, wamva? Ndipo usiku uzigona m'neti, ndimada nkhawa ndi malungo aja unadwala chaka chatha.

Ndakugulira juzi yofiira, ndibwera nayo. Undijambulire anapiyewo papepala, amayi ako anditumizire pa WhatsApp. Undipatsire moni abambo ako ndi kamlongo kako.

Ndine agogo ako okukonda kwambiri.