Lipoti la maphunziro ojambula nkhope ndi penti wa mafuta ku London

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la ojambula, ndabwerako ku London komwe munandituma kuja. Malisiti a sitima ndi malo ogona ndapereka kale kwa amayi osunga chuma.

Maphunzirowo anali a masiku asanu, ndipo aliyense anauzidwa kukopera chithunzi chimodzi chakale. Ine ndinasankha cha Leonardo Loredan, mtsogoleri wa mzinda wa Venice kuyambira 1501 mpaka 1521, chimene Giovanni Bellini anachijambula pa thabwa cha m'ma 1501. Chili ku National Gallery, nyumba yoonetserako zithunzi ya ku London, komwe kulowa n'kwaulere.

Tsiku loyamba aphunzitsi anatiletsa kugwira bulashi. Tinangoima pa chithunzicho ndi pensulo, ine mumtima n'kumati ndalama za gulu zalowa m'madzi. Koma litadutsa ola ndinayamba kuona zimene pa foni sizioneka. Mbali imodzi ya pakamwa pa mkuluyo yauma gwa ngati ya woweruza milandu, inayo ikuchita ngati ikufuna kumwetulira. Ulusi wagolide wa pa mkanjo wake si golide ayi, ndi penti wokhuthala woikidwa mokhakhala kuti azigwira kuwala. Mtundu wa buluu uli kumbuyowo unachokera ku mwala wa lapis lazuli umene unkakumbidwa ku Afghanistan.

Chachikulu chimene ndabwera nacho n'chakuti nkhope saijambula kamodzi, amaimanga pang'onopang'ono. Thabwa amayamba alimata choko chosakaniza ndi guluu, n'kulipala mpaka lisalale. Kenako amalemba nkhope, n'kuika mithunzi yokha ndi penti wofiirira wosungunula kwambiri. Zikauma m'pamene amaika mtundu wa khungu, wopyapyala, kuti wapansi uja azionekerabe. Penti aliyense wapamwamba azikhala ndi mafuta ambiri kuposa wapansi pake, apo ayi chithunzi chimadzang'aluka chikamauma.

Apa m'pamene ndinachita manyazi. Tinazolowera penti wa akiriliki wouma ukadali pomwepo, ndiye tsiku lachitatu ndinathamangira kuika khungu pa mithunzi yosauma. Tsaya la a Loredan linasanduka matope a m'dimba. Ndinapukuta zonse ndi kansanza, tsiku lathunthu n'kupita. N'chifukwa chake chithunzi chimene muchione Loweruka chilibe chipewa.

Ndinafunsanso funso limene munandipatsa lija, la mmene tingajambulire khungu lakuda. Aphunzitsi anavomera kuti mitundu imene Bellini ankasakaniza singatithandize monga ilili, koma njira yomanga pang'onopang'ono ija ndi yomweyo, ndipo khungu lathu ndilo limaifuna kwambiri, chifukwa kufiira kwa pansi ndi kabuluu ka kuwala kwa pachipumi zimafa ukazisakaniza pamodzi. Anandionetsa chithunzi cha munthu wa ku Africa chimene Jan Mostaert anajambula cha m'ma 1525, chomwe chili ku Rijksmuseum, nyumba yoonetserako zithunzi ya ku Amsterdam. Ine ndikuti tiyambire chimenecho.

Pempho langa ku komiti n'lakuti tigule mafuta a linseed osakaniza ndi penti, tapentaini wosungunulira penti ndi mitundu isanu yokha ya penti. Tifunikanso chipinda cha mawindo otsegula, chifukwa tapentaini amapweteketsa mutu, komanso poti mathabwa azigona sabata yonse popanda wowakhudza.