Kalata kwa bwenzi: muyeso wa mchere ndi zonunkhiritsa pophika nyama

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi onse a pabanja panu. Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndamva dandaulo lanu lakuti mwagula mabotolo ambirimbiri a zonunkhiritsa, mukuthira pang'ono kuchokera m'botolo lililonse, koma nyama ikumatuluka mumphika ikununkhira bwino pamene m'kamwa ili zii. Mwafunsa kuti muzithira zochuluka bwanji. Funso lanulo lili pawiri, chifukwa mchere uli ndi lamulo lake ndipo zonunkhiritsa zina zonse zili ndi lamulo lina. Mchere umayezedwa potengera kulemera kwa nyama, pamene zinazo zimayezedwa potengera mphamvu ya chilichonse pachokha. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikuona kuti zonunkhiritsa zanu n'zokwanira kale, koma mchere ndi umene sukukolera.

Muyeso umene ophika ambiri odziwa ntchito yawo amatsatira ndi wakuti mchere ukhale pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwa nyama. Zimenezi zikutanthauza magalamu 10 a mchere pa kilogalamu imodzi ya mnofu. Supuni yaing'ono ya tiyi, imene imalowa mamililita 5, ikadzazidwa ndi mchere wosalala mpaka m'milomo popanda kuunjika imanyamula pafupifupi magalamu 6, choncho supuni imodzi ndi theka pa kilogalamu ndi poyambira pabwino. Koma chenjerani ndi supuni, chifukwa imayeza malo amene mchere watenga, osati kulemera kwake. Mchere wa mibulu ikuluikulu umasiya mipata yambiri pakati pake, ndipo mitundu ina yopepuka imalemera theka lokha la mchere wosalala m'supuni yomweyo. N'chifukwa chake anthu awiri angathe kutsatira malangizo amodzi, wina n'kuwawitsa mchere, wina n'kuperewetsa. Ngati mungapeze kasikelo ka kukhitchini, kameneko kadzakuthandizani kuposa botolo lina lililonse limene mungawonjezere pashelefu. Ngati simungakapeze, sankhani mtundu umodzi wa mchere ndi supuni imodzi, ndipo musamazisinthesinthe, kuti dzanja lanu lizolowere.

Muyesowu ndi wa mnofu. Fupa limalemera pa sikelo koma silidyedwa, choncho nyama ya mafupa ambiri, monga nthiti kapena nkhuku yathunthu, ndimaichepetsera kufika pa magalamu 7 kapena 8 pa kilogalamu. Kumbukiraninso kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku. Kilogalamu ya nyama ikagawidwa kwa anthu asanu, aliyense amalandira magalamu 2 kuchokera ku nyama yokhayo, zimene zikusiya mpata wochepa wa zakudya zina za tsikulo. Ngati panyumba pali wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi kapena a impso, malangizo a dokotala wake ndi amene atsogole, ndipo muyeso wangawu utsike.

Nthawi yothirira mchere ili ndi mphamvu yofanana ndi kuchuluka kwake. Mukawaza mchere pa nthuli yaiwisi, m'mphindi zoyambirira umakoka madzi kuchokera m'kati n'kuwabweretsa pamwamba. Madziwo amasungunula mchere uja, ndipo pakapita mphindi pafupifupi 40 ambiri a iwo amakhala atabwerera mu nyama atanyamula mcherewo. Nthawi yoipa kwambiri yoika nyama pamoto ndi ya pakatipo, pamene pamwamba pali chinyezi, chifukwa nyama yonyowa siifiira. Kufiira kokoma kuja, kumene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza mu 1912, kumachitika msanga kutentha kukafika cha m'ma 140 digiri Celsius, pamene madzi amawira pa 100 digiri ndipo salola kuti pamwamba pa nyama patenthe kuposa pamenepo mpaka ataphwa. Motero thirani mchere nthawi yomweyo imene mukuika nyama pachiwaya, kapena thirani ola lathunthu musanaphike. Nthuli yaikulu yowotcha mu uvuni ndi bwino kuithira mchere dzulo lake n'kuigoneka mufiriji. Pa zokometsera zonse, mchere ndi umene umalowa kwambiri m'kati mwa nthuli. Fungo la adyo, tsabola ndi masamba limakhala pamwamba kapena limalowa pang'ono chabe, ngakhale muinyike nyamayo usiku wonse. Apa m'pamene pagona vuto lanu: mphuno ikumva zimene zili kunja, koma lilime likafika m'kati silikupeza kanthu.

Nyama ya msuzi imafuna kuleza mtima. Madzi akamaphwa, mchere umatsala wonse mumphika, choncho msuzi umene unali bwino poyamba umawawa pomaliza. Thirani theka la muyeso poyamba, ndipo theka linalo mulisunge mpaka nyama itafewa ndi msuzi utafika pamene mukufuna, kenako muzithira pang'onopang'ono uku mukulawa. Werengeraninso mchere wobisika. Timibulu tokometsera msuzi tili ndi mchere wambiri, supuni yaikulu imodzi ya soy sauce ili ndi mchere woposa magalamu 2, ndipo ufa wambiri wosakaniza kale wa nyama kapena wa nkhuku umayamba ndi mchere pa mndandanda wa zimene zili m'kati. Mndandandawo umalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye mukaona mchere uli poyamba dziwani kuti mwagula mchere wonunkhira. Nyama yokonzedwa kale, monga soseji kapena bacon, nthawi zambiri siifunanso mchere wina. Mchere ukawawa, zoti muponyemo mbatata kuti iuyamwe sizithandiza kwenikweni, popeza mbatatayo imangomwa msuzi wamchere womwewo n'kusiya wotsalawo uli chimodzimodzi. Chimene chimathandiza ndi kuwonjezera madzi ndi zophikira zina zopanda mchere.

Tsopano ndibwere ku mabotolo anu aja. Kuthira muyeso wofanana kuchokera m'botolo lililonse ndiko kumene kumasokoneza anthu ambiri, chifukwa zonunkhiritsa zimasiyana mphamvu kutalitali. Pali zofatsa zimene mungathire momasuka. Ufa wa paprika wosawawa ndi ufa wa njere za coriander mungathire masupuni aang'ono awiri, ngakhale atatu, pa kilogalamu popanda kuwononga kanthu. Cumin ndimamuikira malire a supuni yaing'ono imodzi, tsabola wakuda theka la supuni kufikira supuni imodzi, ndipo tameriki theka lokha, chifukwa akachuluka amawawa ndipo amamveka ngati dothi. Adyo akhale tizigawo titatu kapena tinayi, jinja akhale kachidutswa kotalika masentimita awiri kapena atatu. Kenako pali zaukali zimene zimawerengedwa chimodzichimodzi kapena kutsinidwa ndi zala. Cloves awiri kapena atatu amakwanira mphika wonse. Mukathira khumi, mafuta ake otchedwa eugenol amachititsa dzanzi lilime ndipo palibenso china chimene chingamveke. Nutmeg asapitirire kota ya supuni yaing'ono, ndipo ameneyu akadyedwa wambiri, masupuni angapo, amadwalitsa. Sinamoni akhale kamtengo kamodzi kakang'ono. Miyeso imeneyi ndi poyambira chabe, koma ndikukupemphani kuti mumphika umodzi musapitirire zonunkhiritsa zitatu kapena zinayi, chimodzi chikhale chotsogolera ndipo zinazo zichithandize. Zikachuluka zimakhala ngati anthu khumi olankhula nthawi imodzi, ndipo nyama ya ng'ombe, ya nkhumba ndi ya nkhuku zonse zimayamba kukoma mofanana, zimene kwa ine ndi kuluza kwakukulu.

Tsabola wowawa sangapatsidwe muyeso umodzi, chifukwa mitundu yake imasiyana modabwitsa. Pa muyeso wa ukali umene katswiri wa za mankhwala wa ku America, Wilbur Scoville, anayambitsa mu 1912, tsabola wamkulu wosawawa uja ali pa 0, jalapeño ali pakati pa 2,500 ndi 8,000, pamene habanero amayambira pa 100,000 kufika 350,000. Habanero mmodzi angathe kuposa ukali wa ma jalapeño oposa khumi. Ukaliwo umachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene amachuluka mu timinofu toyera ta m'kati timene timagwira njere, choncho wofuna fungo la tsabola popanda moto wambiri achotse timeneti. Ufa wa tsabola wowawa muziyamba ndi kota ya supuni yaing'ono pa kilogalamu. Ine ndimakonda kuti mumphika mukhale wochepa ndipo wina aikidwe patebulo, popeza anthu a panyumba imodzi sapirira ukali mofanana, makamaka ana.

Za masamba onunkhira, lamulo lodziwika bwino ndi lakuti supuni yaing'ono imodzi ya ouma imafanana ndi supuni yaikulu imodzi ya aawisi, kutanthauza kuti aawisi amafunika katatu. Masamba olimba monga thyme, rosemary, oregano ndi bay leaf amapirira moto ndipo amatulutsa fungo pang'onopang'ono, choncho amalowa mumphika poyamba: supuni yaing'ono imodzi ya thyme wouma ndi masamba awiri a bay leaf pa kilogalamu n'zokwanira. Rosemary ndi wamphamvu, kanthambi kamodzi n'kokwana. Masamba ofewa monga parsley, basil ndi masamba a coriander amataya fungo akaphikidwa nthawi yaitali, ndiye amathiridwa mphika utaphulidwa kale, ndipo amenewa mungadzaze dzanja osaopa.

Pali zinthu ziwiri zimene zingachititse kuti muyeso wolondola uoneke ngati wochepa. Choyamba ndi ukalamba wa zonunkhiritsazo. Zikangoperedwa zimayamba kutaya mafuta amene amanyamula fungo, ndipo ufa umene wakhala chaka pafupi ndi moto kapena padzuwa umakhala utatha mphamvu, pamene njere zosapera zimasunga fungo kwa zaka. Tikitani pang'ono pachikhatho n'kununkhiza. Ngati fungo silikudzuka, kuthira kawiri sikungabwezeretse kanthu, kumangowonjezera fumbi mu msuzi. Chachiwiri ndi kathiridwe. Fungo la zonunkhiritsa zambiri limasungunuka m'mafuta kuposa m'madzi, choncho ufa wokazingidwa m'mafuta ofunda kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, madzi asanathiridwe, umamveka kwambiri kuposa ufa wochuluka wowazidwa pamwamba pa msuzi wowira. Moto ukhale wofatsa, chifukwa paprika ndi adyo zimapserera msanga ndipo zikapserera zimawawa mosakonzeka. Pa chifukwa chomwechi, nyama yowotcha pa moto waukali, kaya pamakala kapena pachiwaya, isamapakidwe adyo wosinja kapena shuga wambiri poyamba. Zimenezi zidikire mpaka kumapeto.

Mtundu wa nyama nawo uli ndi mbali yake. Nyama yonona kapena ya fungo lamphamvu, monga ya nkhosa ndi ya mbuzi, imanyamula zonunkhiritsa zambiri, pamene chidali cha nkhuku chimafuna dzanja lopepuka. Nyama yodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono ili ndi malo ambiri ogwira zokometsera kuposa nthuli imodzi yaikulu yolemera mofanana, ndiye fungo limamveka msanga. Nyama yogaya ili ndi khalidwe lakelake: mchere ukasakanizidwa m'kati n'kukandidwa umasungunula puloteni yotchedwa myosin, ndipo nyamayo imagwirana n'kulimba ngati soseji. Ngati mukufuna yofewa, wazani mchere kunja kokha pamene mukuika pamoto. Nyama yogaya yaiwisi musailawe. Kazingani kachidutswa kakang'ono mpaka kapse, mulawe kameneko, ndiyeno mukonze zotsalazo.

Nthawi zina mchere umakhala utakolera, fungo lilipo, koma msuzi n'kumamvekabe wolemera. Pamenepo chosowa ndi chowawasa. Supuni yaing'ono imodzi ya madzi a mandimu kapena ya viniga, yothiridwa pomaliza, imadzutsa mphika wonse, ndipo imathandizanso amene akuchepetsa mchere. Koma ponyika nyama yaiwisi musachulutse zowawasa kapena kuisiya nthawi yaitali, chifukwa kunja kumasanduka phalaphala m'kati musanasinthe. Madzi amene munanyikamo nyama yaiwisi aziwiritsidwa kaye musanawathire pa nyama yakupsa.

Mukamaphikira anthu ambiri, mchere uzikwera limodzi ndi kulemera kwa nyama: makilogalamu atatu, magalamu 30. Zaukali zija, monga cloves ndi tsabola wowawa, musazichulukitse katatu nthawi imodzi. Yambani ndi kawiri, mulawe, kenako muone ngati pakufunika zina.

Pempho langa ndi lakuti ulendo wotsatira mubweze mabotolo onse m'kabati. Tengani kilogalamu ya nyama ya ng'ombe, muithire magalamu 5 a mchere ola limodzi musanaphike, muipukute, muikazinge mpaka ifiire, kenako muikemo anyezi, tizigawo titatu ta adyo, theka la supuni yaing'ono ya tsabola wakuda, supuni yaing'ono ya thyme ndi tsamba limodzi la bay leaf. Magalamu 5 otsalawo muzithira pomaliza uku mukulawa, ndipo mulembe pamene mwalekezera, chifukwa nambala imeneyo ndi imene idzakhale muyeso wa pakhomo panu. Mukandilembera, mundiuze nambalayo ndi mayina a zimene zili m'mabotolo anu, kuti ndikuuzeni zimene zimayenderana ndi nyama iti.

Perekani moni kwa onse kumeneko.

Ndine bwenzi lanu.