Kalata yochokera ku Annecy

Mwana wanga wokondedwa,

Moni wochuluka kuchokera kuno ku Annecy. Ine ndili bwino, kaya iwe ndi mng'ono wako? Amayi ako andiuza pa foni kuti mukatsekera sukulu mubwera nonse kudzandiona, ndipo chimvereni zimenezo mtima wanga suli pansi ndi chimwemwe. Ndati ndikulembere kalata yakoyako kuti udziwiretu zimene udzaone ndi zimene udzadye. Mawu ena akakuvuta, abambo ako akuthandize kuwerenga.

Annecy ndi tauni ya kum'mawa kwa France, m'tsinde mwa mapiri a Alps. Ndege mudzatsikira ku Geneva, m'dziko la Switzerland, ndipo kuchoka kumeneko ndi makilomita pafupifupi 40 okha. Choyamba kuchiona ukafika ndi nyanja. Kukula kwake singafanane ndi nyanja ya Malawi, chifukwa m'litali mwake ndi makilomita 14 ndi pang'ono basi. Koma madzi ake, mwanawe! Ukaima pa mlatho wa Pont des Amours n'kusuzumira pansi, udzaona timiyala ndi tinsomba bwinobwino. Sizinali choncho kale. Madzi oipa ochokera m'nyumba za anthu ankathira m'nyanjamo mpaka inayamba kuwonongeka. Mu 1957 matauni oizungulira anagwirizana zoyala mapaipi otenga zonyansazo kupita nazo kwina kukaziyeretsa, ndiye nyanja inachira. Ndikufuna ukadzasambamo uzidzadziwa kuti anthu anaivutikira. Pepala la switi udzaliike m'thumba, usadzataye m'madzi.

Tidzabwereka kabwato kopalasa ndi miyendo, iwe udzakhale pambali panga utavala chovala choyandamitsa. Madziwo ndi ozizira ngakhale dzuwa liwombe, choncho polowa uzidzayamba ndi mapazi. Pali mbalame zikuluzikulu zoyera za makosi aatali zimene zimasambira pafupi ndi gombe. Uzidzaziyang'anira patali, chifukwa zikakhala ndi ana zimajompha, ndiponso buledi si chakudya chabwino kwa izo.

Madzi otuluka m'nyanjayi amapanga kamtsinje kotchedwa Thiou, kodutsa pakati penipeni pa tauni yakale, nyumba uku ndi uku, maluwa ali lende m'milatho. Pakati pa kamtsinjeko pali nyumba yamiyala, Palais de l'Île, yosongoka kutsogolo ngati sitima yapamadzi. Mbali yake yakale kwambiri inamangidwa m'zaka za m'ma 1100. Inakhalapo bwalo la milandu, malo osulira ndalama, komanso ndende. Tidzalowamo uone tizipinda ta akaidi ndi timazenera take tazitsulo. Usadzaope, lero mulibe wotsekeredwa. Tikadzachoka pamenepo tidzakwera kamtunda kupita ku nyumba yachifumu, Château d'Annecy. Miyendo idzawawa pang'ono, koma pamwambapo udzaona madenga onse a tauni.

Tsopano za chakudya, zimene ndikudziwa kuti zikukudetsa nkhawa. Kuno anthu amakonda tchizi kwambiri. Wotchuka m'dera lino ndi reblochon: wozungulira, wofewa, m'kati mwake mooneka mwachikasu pang'ono. Fungo lake ndi lamphamvu, ndipo tsiku loyamba mwina udzagwira mphuno. Ndikukupempha chinthu chimodzi: udzalawe kaye usanakane. Anthu kuno amasimba kuti kalekale alimi ankalipira mwini munda molingana ndi mkaka umene ng'ombe zawo zatulutsa. Ndiye tsiku loyeza mkaka ankakama mosamaliza, mwini munda akapita n'kukamanso. Mkaka wachiwiriwo unali wonona kwambiri, ndipo ndi umene ankapangira tchizi ameneyu. Akamuika pamwamba pa mbatatesi, anyezi ndi tizidutswa ta nyama ya nkhumba n'kuwotcha mu uvuni, chimatuluka chakudya chotchedwa tartiflette. Chimabwera chikuwira, tchizi atasungunuka n'kumatamuka pa foloko. Uzidzauzira kaye. Chimakhutitsa msanga, mbale imodzi tidzagawana awiri. Tchizi akadzakukanika ndithu, pali nsomba ya m'nyanja yomweyi yotchedwa féra, ya mnofu woyera ndi wofewa. Imeneyo udzaikonda.

Malo odyera ambiri kuno ali ndi nthawi yake. Nkhomaliro amapereka kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, kenako amatseka khitchini mpaka cha m'ma 7 koloko madzulo. N'chifukwa chake ndizidzakukumbutsa kuti udye mokwanira masana. Buledi ndi madzi a pampopi a m'jagi salipiritsa. Malo odyera a m'mbali mwa kamtsinje amadzaza ndi alendo ndipo mitengo imakwera, ndiye ife tizidzalowa m'tinjira ta kumbuyo. Ayisikilimu yekha ndiye tidzagula pomwepo, tizidzanyambita tikuyenda.

Lachiwiri, Lachisanu ndi Lamulungu m'mawa kumakhala msika m'misewu ya tauni yakale, makamaka mu Rue Sainte-Claire. Tidzalawirira anthu asanachuluke. Ndidzakupatsa ndalama zachitsulo za euro kuti ugule wekha zipatso. Usanalankhule china chilichonse udzati "Bonjour", chifukwa kuno kuyamba kugula usanapereke moni amakuona ngati mwano. Zipatsozo usadzazigwiregwire, udzangoloza, wogulitsayo ndiye adzakusankhira. Ogulitsa tchizi ena amadula kachidutswa kuti munthu alawe, ndipo ukalandira udzati "Merci".

Mukadzafika Ogasiti asanayambe, udzaonerera chikondwerero cha nyanja, Fête du Lac, chimene chimachitika Loweruka loyamba la mweziwo. Usiku umenewo amaphulitsa makombola amitundumitundu pamwamba pa madzi. Phokoso limakhala lalikulu, ndiye mng'ono wako tidzamutseka makutu.

Uuze amayi ako akulongedzere nsapato zoyendera, chifukwa misewu ya tauni yakale ndi yamiyala, komanso juzi ya madzulo ndi zovala zosambira. Undilembere, undiuze chimene ukufuna tidzayambe nacho, bwato kapena nyumba yachifumu. Upereke moni kwa abambo ako, amayi ako ndi mng'ono wako.

Ndine azakhali ako okukonda