Chilengezo: Phunziro la Baibulo Loweruka lino ku Highfield

Amayi ndi abambo, abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse.

Tikukudziwitsani kuti Loweruka likubwerali tidzakumana kutchalitchi kwathu ku Highfield, mumzinda wa Harare, kuyambira 2 koloko masana. Tidzakambirana funso limene ambirife timangolisunga mumtima: kodi munthu angadziwe akadali moyo kuti anapulumutsidwa?

Pamaliro timakonda kunena kuti Mulungu yekha ndiye adziwa. Sitikutsutsa ayi. Komatu pa 1 Yohane 5:13 mtumwi akuti analembera okhulupirira dzina la Mwana wa Mulungu kuti adziwe kuti ali nawo moyo wosatha. Tidzawerenganso Yohane 10:28-29, pamene Yesu akutsimikiza kuti palibe wokwatula nkhosa zake m'dzanja lake, kenako Aroma 8:38-39. Enafe tinabatizidwa kalekale, chakhumi timapereka, m'kwaya timayimba, koma chimwemwe chinazilala. Nthawi zambiri vuto n'lakuti timawerengera ntchito zathu m'malo modalira zimene Khristu anatsiriza pamtanda. Pamenepa tidzakhalitsapo ndithu, ndipo abusa alola kuyankha mafunso.

Bwerani ndi Buku Lopatulika ndi cholembera. Achinyamata amene Chichewa chimawavuta kuwerenga abwere ndi Baibulo la Chishona, asachite manyazi. Inu a ku Epworth, Mufakose ndi Dzivarasekwa, chonde nyamukani msanga, paja makombi Loweruka amadzaza. Amayi adzatikonzera tiyi, aliyense atengeko kapu yake. Tidzaweruka 4 koloko kuti tikafike kunyumba kusanade.

Amene ali ndi funso loti sangalifunse pagulu alitumize kwa alembi pa WhatsApp pofika Lachinayi. Dzina lake silidzatchulidwa.