Kwa eni loji ya ku Likoma imene tinagonako mu June: tibwezereni ndalama zathu

A Manejala, ndakulemberani kanayi pa WhatsApp. Mauthenga mukuwerenga, koma kuyankha ayi. Ndiye ndabwera pompano pa tsamba lanu, pamene mumaikapo zithunzi za mchenga woyera zija.

Ine ndi mayi akunyumba tinasunga ndalama chaka chathunthu kuti tikakondwerere zaka 10 za ukwati wathu pachilumba. Theka tinalipiriratu mu April, ndipo inu munalemba nokha kuti mwatisungira chipinda choyang'ana kunyanja, komanso kuti galimoto idzatichingamira pa Mbamba, potsikira sitima.

Tinakwera Ilala ku Nkhata Bay mwera utavuta. Amene anayendapo panyanja nyengo yozizira akudziwa chimene ndikunena. Mayi anasanza njira yonse, potsika miyendo ili njenjenje. Galimoto yanu sinabwere, foni inkangoitana. Tinakhala pansi pa mlambe maola awiri, mpaka mnyamata wina wa kabaza anatimvera chisoni, n'kuyamba watenga mayi ndi zikwama, kenaka kudzanditenga ine.

Titafika, mtsikana wolandira alendo anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Pepani bwana, chipinda chija muli alendo, abwera pa ndege dzulo." Nanga ifeyo sitinali alendo? Ndalama yathu inachepa mphamvu chifukwa tinabwera pa sitima? Munatiika kuseri kwa khitchini, zenera lopenyana ndi jenereta. Neti inali yobooka, bowolo atalimanga ndi kachingwe ka thumba la ufa. Mpopi sunatulutse madzi masiku awiri, nyanja yonse ija ili poteropo. Mayi wina wokonza m'zipinda ndiye ankatisenzera ndowa m'mawa uliwonse, akupepesa ngati wolakwa ndi iyeyo.

Zikanakhala ku Salima kapena ku Mangochi, tikananyamula zikwama n'kukagogoda pa loji ina, kapena kukwera minibasi kubwerera kwathu. Koma Likoma ndi pakati pa madzi. Mapiri amene umawaona pafupi ndi a ku Mozambique, cha ku Cobue, ndipo sitima ikachoka umawerenga masiku kuti ibwerenso. Ndalama zathu zinali kale m'manja mwanu. Munadziwa kuti tilibe kolowera, ndipo chimenechi ndicho chikundiwawa kuposa neti ndi mpopi.

Chilumbacho sindikuchinyoza ayi. Tinakapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela, chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo mayi anagwetsa misozi kwaya itayamba kuyimba. Asodzi anatigulitsa kampango wamuwisi, wophika wanu n'kumuwotcha bwino kwambiri. Antchito anu ndi anthu aulemu. Inuyo masiku onse aja simunatulukire ngakhale kudzatipatsa moni, manyazi onse munawasiyira iwo.

Tsiku lonyamuka munatilipiritsa mtengo wonse wa chipinda cha kunyanja, n'kutumiza mawu kuti zotsalazo "tikambirana pa foni". Papita milungu isanu.

Lisiti ndili nalo, mauthenga anu a mu April ndinasunga, chithunzi cha neti ija chiliponso. Ndikufuna mundibwezere kusiyana kwa mitengo ya zipinda ziwirizo pamodzi ndi ya kabaza, ndipo mupepese kwa mayi akunyumba, amene mpaka lero safuna kumva za ulendowo. Likafika Lachisanu muli chete, dandaulo ili ndikalitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.