Musaiwale kugwa kwa NV1 polemba za Jensen Huang

Akonzi,

Nkhani za a Jensen Huang, mkulu wa Nvidia, kampani ya ku America yopanga machipi (tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta), zimathamangira chuma chawo n'kusiya mbali yofunika kwambiri, yomwe tikupempha kuti muziilemba. Iwo anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku Oregon State University ndi ku Stanford, n'kugwira ntchito ku makampani opanga machipi a AMD ndi LSI Logic. Mu 1993 anayambitsa Nvidia limodzi ndi Chris Malachowsky ndi Curtis Priem.

Chipi yawo yoyamba, NV1 ya mu 1995, sinayende malonda. Inkajambula zithunzi polumikiza tizigawo ta makona anayi, pomwe Direct3D, pulogalamu ya Microsoft yothandiza magemu kujambula zithunzi, inasankha ta makona atatu, ndipo opanga magemu anatsatira Microsoft. Ndalama zitatsala pang'ono kutha, kampaniyo inachotsa antchito oposa theka. Inapulumuka mu 1997 ndi chipi yatsopano, RIVA 128, yomwe inamangidwa pa tizigawo ta makona atatu.

Ife owerenga anu