Usawaphunzitse ana za Chifulani zija

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula bondo la mayi ako lomwe layambiranso. Kanema uja unanditumizira pa WhatsApp ndaonera kawiri. Bambo uja pakamwa m'pokoma ndithu, akuti Chifulani, chomwe amayankhula Afulani a kumadzulo kwa Africa monga ku Guinea ndi ku Senegal, ndicho chinenero cha anthu oyamba padziko. Tsono wati ukufuna kukawauza zimenezi ana ako a Fomu 3. Taima kaye.

Mafupa akale zedi a munthu wonga ife anapezeka ku Jebel Irhoud, m'dziko la Morocco, ndipo mu 2017 akatswiri analengeza kuti ali ndi zaka pafupifupi 300,000. Koma fupa silingakuuze zomwe mwiniwake ankayankhula. Ofananiza zinenero akakumba kwambiri amathera pa zaka ngati 10,000, kuseri kwake ndi nkhungu yokhayokha. Iwe wemwe mawu ena omwe agogo ako ankaimba pamtondo suwamva, chonsecho padutsa mibadwo iwiri yokha. Nanji zaka 300,000?

Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti nyimboyi si yatsopano. Mu 1912, Mjeremani wina, Carl Meinhof, anaika Chifulani m'gulu la zinenero zomwe ankati ndi za ana a Hamu. Azungu ambiri a nthawiyo ankaona Afulani, oweta ng'ombe, ena oyererapo khungu, n'kumati anthu otere sangakhale a mu Africa muno, anachokera kwina. Anadzawongola ndi Joseph Greenberg, katswiri wa zinenero wa ku America, amene anaonetsa kuti abale enieni a Chifulani ali pafupi pomwepo: Chiserere ndi Chiwolofu cha ku Senegal. Lero mtundu womwewo aupatsanso ulemu wina wongopeka. Ine munthu akayamba kukweza mtundu umodzi pamwamba pa inzake ndimagwira chikwama changa.

Ngati ukufuna chodabwitsa ana, chilipo, ndipo n'choona. Chifulani ndi Chichewa akatswiri amaziika m'banja limodzi lalikulu la Niger-Congo. Lemba pa bolodi: Mfulani mmodzi amadzitcha Pullo, akachuluka ndi Fulɓe. Munthu ndi neɗɗo, anthu ndi yimɓe. Ka -ɓe kakumapetoko katchule pang'onopang'ono, kenako uwafunse ana a Chitumbuka m'kalasimo kuti anthu amati chiyani. Ati ŵanthu. Afulani amaika kumapeto kwa mawu chimene ife timaika kumayambiriro, ndipo magulu awo a mayina amaposa 20. Magulu a mayina aja unkalira nawo ku pulaimale, mwana wa ku Guinea nayenso ali nawo ake.

Uwauzenso za anyamata awiri apachibale a ku Guinea, Ibrahima ndi Abdoulaye Barry, omwe cha mu 1989 anapanga zilembo zawozawo za chinenerochi, zotchedwa Adlam. Lero zimalembeka pafoni.

Mayi ako akuti mafuta opaka bondo aja atha, ukamabwera usaiwale.

Ndine,
Bambo ako